Wojambula Zithunzi za Ukwati Musamusankhe Usiku wa Lachisanu

Chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo misewu yauma, mipingo yathu ya m'boma la Maravia imalowa m'nyengo ya maukwati. Kuyambira mwezi wa Juni kufikira Okutobala sipapita masabata ambiri abusa osalengeza maina a achinyamata ofuna kumanga banja. Komiti imakhala pansi n'kukambirana za mbuzi, mpunga, thobwa, diresi la mkwatibwi ndi galimoto yonyamula anthu. Koma nkhani ya wojambula zithunzi imakumbukika usiku wa Lachisanu, ukwati uli mawa lake, ndipo imatha ndi mawu akuti, "Mnyamata uja ali ndi foni yabwino, ajambula yemweyo."

Ndidakhalapo pa ukwati wina umene udayenda motero. Mphwake wa mkwati ndiye adapatsidwa ntchitoyo. Iye adayamba kujambula m'mamawa, amayi akuphika ndi anyamata akumanga chisakasa, ndipo pofika nthawi yoti awiriwo avekane mphete batire inali itatha. Zithunzi zochepa zimene adajambula madzulo, atatchajitsa pa sola ya mnansi, zidakhala m'foni momwemo kufikira tsiku limene foniyo idabedwa pamsika. Agogo a mkwatibwi, amene adayenda ulendo wa tsiku lathunthu kudzaona mdzukulu wawo akulowa m'banja, adamwalira mvula isanagwe. Lero banjalo lilibe chithunzi cha agogowo ngakhale chimodzi. Madzi akatayika saoleka.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Ife a ku Fingoe, Chiputo, Malowera ndi Chipera tikudziwa bwino kuwawa kwa kusowa chikumbutso. Pa nkhondo ya pachiweniweni, imene idatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri adathawira ku Zambia, ena mpaka kukakhala ku Ukwimi, kufupi ndi Petauke. Munthu wothawa amanyamula mwana ndi bulangete. Zithunzi, makalata ndi zikalata za ubatizo zidatsala m'nyumba zimene zidapsa kapena kudyedwa ndi chiswe. N'chifukwa chake pakati pathu pali abambo ndi amayi a zaka 40 amene sadaonepo nkhope ya agogo awo, ndipo sadziwa mmene makolo awo ankaonekera pa ubwana wawo.

M'buku la Yoswa, chaputala 4, timawerenga za miyala 12 imene Aisraele adatola mu Yordano n'kuiimika ku Giligala, kuti ana awo akadzafunsa tanthauzo lake makolo adzawafotokozere zimene Mulungu adachita. Chithunzi cha ukwati chimagwira ntchito yonga imeneyo m'nyumba. Mwana amachiona pakhoma n'kufunsa kuti, "Amayi, awa aimirira pambali panuwa ndani?" Pamenepo m'pamene amauzidwa za atsibweni ake, za ankhoswe, ndi za malonjezo amene makolo ake adachita pamaso pa mpingo. Ntchito yotere ndi yosayenera kuisiya m'manja mwa munthu amene akuphunzira kumene.

Zimene katswiri amadziwa

Choyamba ndi kuwala. Matchalitchi athu ambiri ali ndi mazenera ang'onoang'ono, kotero m'kati mumakhala mdima pamene kunja kukuswa dzuwa. Kamera ikaona diresi loyera mbee imayesa kuti kwawala kwambiri n'kudetsa chithunzi chonse, nkhope za mkwati ndi mkwatibwi zimangokhala bii. Wosadziwa akafuna kukonza zimenezi amawalitsa mopitirira, ndipo diresi limaoneka ngati pepala, maluwa ake onse osaoneka. Wojambula wozolowera amadziwa kuyika kamera yake moti nkhope ndi diresi zioneke bwino pamodzi. Amadziwanso kuti kagetsi ka pafoni sikafika patali kuposa mamita awiri kapena atatu, ndiponso kuti dzuwa la paliwombo limachititsa anthu kutsinzina ndi kuika mithunzi m'maso. Iye amaimika anthu pamthunzi wa mtengo, kapena amadikira kuti dzuwa lipendeke.

Chachiwiri ndi ulemu wa m'nyumba ya Mulungu. Tonse tidaonapo wojambula amene amadutsa pakati pa abusa ndi akwati pa nthawi ya malonjezo, kapena kukwera pa benchi mpingo uli m'pemphero. Munthu amene wajambula maukwati ambiri amafika msanga, amaonana ndi abusa kapena akulu a mpingo, ndi kufunsa pamene aloledwa kuima ndi pamene ayenera kutsitsa kamera. Popeza mwambo wonse amaudziwa pamtima, amakhala ali pamalo pake mphete isanatuluke m'thumba, ndipo sapempha abusa kuti abwereze dalitso chifukwa iye adachedwa.

Chachitatu ndi abale. Kwathu kuno ukwati umalumikiza mabanja awiri, ndipo chithunzi chimene mulibe ankhoswe chingathe kubala madandaulo a zaka zambiri. Wojambula wanzeru amapempha kuti mbali iliyonse imupatse munthu mmodzi wodziwa abale, woti azimulozera kuti awa ndi eni mbumba, awa ndi azakhali, awa achokera ku Tete, awa awoloka malire kuchokera ku Zambia. Okalamba amawajambula poyamba, asanatope ndi kubwerera kunyumba.

Chachinayi ndi zipangizo. M'midzi yathu yambiri mulibe magetsi, ndipo fumbi la mu Seputembala limalowa paliponse. Katswiri amanyamula mabatire apadera otchaja kale, makadi osungira zithunzi oposa limodzi, ndipo ngati n'kotheka kamera yachiwiri. Kale filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 zokha ndipo wojambula ankaganiza kawiri asanadine. Lero angathe kudina kambirimbiri, koma zonsezo zingafafanizike pa kamphindi ngati sazikopera pa kompyuta tsiku lomwelo.

Funsani musanapereke chikole

Safunsa adadya phula. Musakhutire ndi zithunzi zisanu zokongola zimene munthu wakuonetsani pa foni kapena pa Facebook, pakuti zina zingakhale zoti adajambula ndi wina. Mupempheni akuonetseni zithunzi zonse za ukwati umodzi, kuyambira potuluka m'nyumba mpaka pa madyerero, makamaka za m'kati mwa tchalitchi. Kenaka pitani kwa banja limene adalijambulalo mukafunse ngati adafika pa nthawi yake, ngati adadziletsa ku mowa, ndiponso kuti zithunzi zidatenga masabata angati kuti zifike. Amayi a Chigwirizano ndi akulu a mpingo aona maukwati ambiri, ndipo angakuuzeni amene adawasangalatsa ndi amene adawachititsa manyazi.

Mukagwirizana, lembani zonse papepala pamaso pa mboni ziwiri, mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi. Papepalapo palembedwe mtengo wonse, ndalama imene mulipirire, kaya ndi metical kaya kwacha ya Zambia kwa iwo a m'malire, chiwerengero cha zithunzi zotsuka ndi kukula kwake, ndi tsiku limene adzazipereke. Ngati akuchokera kutali, monga ku mzinda wa Tete, gwirizanani za mtengo wa ulendo ndi kogona, ndipo afike dzulo lake, chifukwa galimoto za m'misewu yathu sizisunga nthawi. Perekani gawo la ndalama poyamba, zotsalazo mudzamalize zithunzi zili m'manja mwanu. Inunso mukalandira ntchito yabwino musamuzengereze malipiro ake, pakuti naye ali ndi ana odyetsa.

Ena adzati katswiri ndi wodula. Zoona, ndipo sitikulangiza banja latsopano kulowa m'ngongole chifukwa cha zithunzi. Koma ndi bwino kumulemba kwa maola atatu okha, ajambule mwambo wa m'tchalitchi ndi abale, n'kutuluka ndi zithunzi 30 zabwino, kusiyana ndi kulandira mazana a zithunzi zosaoneka nkhope. Za ku madyerero achinyamata angathe kujambula ndi mafoni awo. Komiti ingathenso kuchepetsa makireti a zakumwa, amene amatha tsiku lomwelo, kuti papezeke ndalama ya chinthu chimene zidzukulu zidzachione.

Chithunzi ndi chikalata

Pali cholakwika china chimene tiyenera kuchikonza. Ena amaganiza kuti chithunzi ndi umboni wokwanira wa ukwati. Lamulo la Mabanja la dziko la Mozambique la mu 2004, limene lidakonzedwanso mu 2019, limavomereza ukwati wa kuboma, wa kutchalitchi ndi wa chikhalidwe, koma wa kutchalitchi uyenera kulembetsedwa ku ofesi ya Registo Civil kuti ukhale ndi mphamvu pamaso pa lamulo. Mwamuna akamwalira n'kubuka mkangano wa katundu, chimene chimateteza mayi wamasiye ndi ana ake ndi chikalata. Choncho wojambula ajambule akwati ndi mboni akusaina m'kaundula wa mpingo, ndipo akwatiwo asachedwe kukamaliza za kuboma.

Kusunga zimene mwalandira

Musalole kuti zithunzi zanu zonse zibwere pa WhatsApp pokha, chifukwa kumeneko nthawi zambiri zimachepetsedwa, ndipo mukafuna kutsukitsa chachikulu chimatuluka chosawala. Pemphani kuti akupatseni zonse pa khadi kapena pa fulashi, ndipo zina zikopedwe kwa mbale wokhala mudzi wina. Zofunika kwambiri zitsukidwe papepala. Zisungeni kutali ndi dzuwa, utsi wa kukhitchini ndi chinyontho, m'chitini chotsekeka bwino kuti chiswe ndi mbewa zisafike. Kumbuyo kwa chilichonse lembani ndi pensulo tsiku, dzina la mpingo ndi maina a anthu amene ali pamenepo.

Abale ndi alongo amene mukukonzekera ukwati chaka chino, tsiku limene komiti idzakhale pansi koyamba, dzina la wojambula lilembedwe pamodzi ndi mbuzi ndi mpunga. Ndipo tsiku la ukwati likafika, mutengereni wojambulayo kwa agogo poyamba.