Kupopa Buleki Si Kukonza: Tifunse Tisanakwele

Kukolola kukatha, miseu ya ku Petauke ndi ku Nyimba imadzala ma Canter ndi mavani akale. Ena amanyamula cimanga kupita ku madepoti a FRA, ena nthoci za ku Nyimba kupita ku Lusaka, enanso a kwaya ndi azimai a mpingo opita ku misonkhano ndi kumalilo. Ife amene timacita hayala mamotoka amenewa timakangana za mtengo mpaka mau kusasa, koma za mabuleki sitifunsa.

Mseu wa Great East tonse tiudziwa. Kucokela ku Nyimba, kupyola Kacholola mpaka ku mlatho wa Luangwa, ndi mapili, zitsikotsiko ndi makona okhaokha. Motoka yolemedwa ndi matumba ikayamba kutsika malo otelo, miyoyo ya onse okwela imadalila mabuleki.

Buleki siifa mwadzidzidzi, imayamba yadandaula. Mukamva kulila kwa "tswii" poponda, mapadi ali pafupi kutha. Mukamva kukwecha ngati khasu pamwala, atha kale ndipo citsulo cikudya disiki kapena dilamu. Motoka ikamakokela mbali imodzi poima, buleki ya wilo imodzi siigwila bwino. Ngati dalaivala apopa kawili kapena katatu kuti aime, m'mapaipi muli mpweya, mafuta a mabuleki akudontha, kapena mashuzi a kumbuyo atalikilana ndi dilamu. Kupopa kumeneko ena amati ndi luso, koma ndi cizindikilo ca matenda.

Kupima sikufuna makina. Suzumilani kuseli kwa wilo iliyonse. Ngati panyowa, malabala a silinda atha. Onani kabotolo ka mafuta ngati sanatsike. Pondani buleki mwamphamvu ndi kugwilitsa. Phazi likamatsika pang'onopang'ono, mafuta akuthawa penapake kapena master cylinder yatopa. Mapadi akatsala mamilimita atatu, ndi nthawi yosintha.

Pokonza, amakanika odziwa nchito amasintha mawilo onse awili, kumanzele ndi kumanja, osati imodzi cabe. Mashuzi amene anyowa mafuta ndi otaya, sacapidwa. Dilamu yokandika imapalidwa pa makina, koma pali malile olembedwa pa dilamupo. Akapitilila, mugule ina. Akatsegula mapaipi ayenela kucotsa mpweya, kumene amati kubilida: wina aponda, wina atsegula kanati, ndipo pa mamotoka ambili amayambila wilo imene ili kutali ndi master cylinder. Musalowe pansi pa motoka imene yakhala pa jeke yokha, ndipo fumbi la m'dilamu musauzile ndi pakamwa, cifukwa mashuzi ena akale ali ndi asbestos amene amaononga mapapo.

Nkhani ya mafuta ndiyo imapweteka ambili. Thilani okhawo olembedwa pa civundikilo, kawilikawili DOT 3 kapena DOT 4. Oilo wa injini amatupitsa malabala, ndipo madzi a sopo amene ena amathila kuthengo amawila msanga ndi kucititsa dzimbili. Mafuta enieniwo amamwa cinyezi: DOT 4 watsopano amapilila kutentha kwa madigili 230, koma akamwa madzi angawile pa 155. Akawila pa citsikotsiko, phazi limafika pansi motoka ikali kuthamanga. Ndiye cifukwa cake amasinthidwa pakapita zaka ziwili, ndipo dalaivala wanzelu amatsika phili ndi giya yaing'ono mmalo mogonela pa buleki.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la mu 2002, limapima mamotoka ndi kupeleka fitinesi. Koma pepala la pagalasi limanena za tsiku limene anapima, osati za lelo.

Conco a komiti ya mpingo ndi a kopaletivu, musanapeleke ndalama ya hayala, pemphani dalaivala ayendetse pang'ono ndi kuima inu mukuona. Ayesenso handibuleki pa kamtunda. Matumba akaculuka, agawidwe maulendo awili. Mbewa ya manyazi inafela kuuna, ndipo dalaivala wosamala sakwiya ndi funso lotele. Pemphelo la paulendo tipitilize ndithu, koma tikati Ameni, wina atsike akasuzumile kuseli kwa mawilo.