Laputopu yakaunjika pa Lizulu: Arch Linux ndi yaulere, koma ili ndi mtengo wake

Wodutsa pa Lizulu, pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi boma la Ntcheu, maso ake amathera pa milu ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi karoti. Katunduyu amachokera m'minda ndi m'madimba a mbali zonse ziwiri za malire, kuno ku Malawi ndi ku Angónia m'dziko la Mozambique, ndipo opikula amamukweza pa malole kupita naye ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma kuseri kwa miluyo kuli malonda ena. Monga m'misika ikuluikulu yambiri ya m'mbali mwa msewu, kuli timashopu totayipa makalata, tochita fotokope, toika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Mpamba wa shopu yotere nthawi zambiri ndi kompyuta imodzi yakaunjika. Ikafa, malonda aima.

Eni makompyutawa ali ndi nkhani yofunika kuiganizira. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa malaputopu ambiri akaunjika. Kompyuta siinaleke kuyaka tsikulo ayi. Chomwe chinatha ndi zigamba zotseka ming'alu yomwe mavairasi ndi akuba a pa intaneti amalowera. Kampaniyo inapereka chaka chimodzi chowonjezera, kufika pa 13 Okutobala 2026, koma kwa okhawo amene analembetsa.

Nambala yomwe imatsitsa mtengo

Kusamukira ku Windows 11 si kwa kompyuta iliyonse. Imafuna RAM ya 4 GB, malo a 64 GB pa disiki, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa yatsopanoko. Kwa mapurosesa a Intel, mzere unadulidwa pa m'badwo wachisanu ndi chitatu. Wogula angazidziwe yekha poyang'ana dzina la purosesa. Ngati manambala anayi otsatira kamzere ayamba ndi 2 kufikira 7, monga i5-3320M kapena i5-6300U, pafupifupi onsewo sali pa mndandanda wa Windows 11. Ya i5-8250U ndiye ili pa mndandandawo.

Iyi ndi mfundo yonenerera nayo mtengo. Chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sagwirika, ndipo laputopu yatsopano ili patali kwa wamalonda wamng'ono. Komabe laputopu yomwe Microsoft inaitaya siyenera kugulidwa pa mtengo wofanana ndi yomwe ikadali pa mndandanda, ngakhale kunja zikuoneka chimodzimodzi. Ogulitsa ena amaikamo Windows 11 mokakamiza, koma Microsoft siilonjeza kuti makina otere azilandira zigamba.

Makina amenewa si otha ntchito. Chomwe amafuna ndi pulogalamu ina yowayendetsa, ndipo yodziwika kwambiri ndi Linux.

Chimanga chimodzi, zigayo zosiyana

Linux inayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, yemwe panthawiyo anali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland. Chilolezo chake, chotchedwa GPL, chimalola aliyense kuitenga, kuona mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira ena. Ambiri ali nayo kale m'thumba osadziwa, popeza mafoni a Android amayenda pa mtima wa Linux. Kuno kwathu, makina osungira mbiri ya odwala a Baobab Health anamangidwa pa mapulogalamu otseguka a mtundu womwewu.

Magulu osiyanasiyana amatenga Linux n'kuilongedza ndi mapulogalamu ena, aliyense mwa njira yake. Ubuntu, yomwe inatulutsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi lachibale ndi mawu athu akuti umunthu, imabwera yokonzeka kale. Linux Mint nayo ndi choncho. Izi zili ngati ufa wogaya kale wa m'golosale. Arch Linux ili ngati thumba la chimanga: kupeta, kukonola ndi kupita nacho kuchigayo ndi kwa mwini.

Arch inatulutsidwa koyamba mu Malichi 2002 ndi Judd Vinet wa ku Canada. Inapangidwira munthu amene anazolowera kulamula kompyuta polemba mawu pa sikirini yakuda yotchedwa terminal, osati kungodina zithunzi. Sikuti akhale katswiri, koma asakhalenso wongoyamba dzulo. Woiyatsa kuchokera pa fulashi sapezamo chithunzi chilichonse, koma kamzere kophethira kodikira lamulo. Mwini ndiye amagawa disiki, kulumikiza intaneti ndi iwctl, kuika maziko ndi pacstrap, n'kusankha yekha maonekedwe omwe akufuna. Kuyambira mu Epulo 2021 muli chida chotchedwa archinstall chomwe chimafunsa mafunso n'kugwira ntchito yambiri, koma sichichotsa udindo wosamalira makinawo m'tsogolo.

Phindu lake ndi loti mulibe katundu wosafunika. Maziko ake safika 2 GB pa disiki. Akaikamo maonekedwe opepuka monga Xfce kapena LXQt, laputopu ya RAM ya 4 GB yomwe inkakwawa ndi Windows 10 imayambanso kuthamanga. Siyoseweretsa ayi: kampani ya Valve inasankha Arch kukhala maziko a makina ake amasewero a Steam Deck, omwe anatuluka mu 2022.

Ndalama zobisika zitatu

Wamalonda aliyense pa Lizulu amadziwa kuti mtengo wa thumba sithera pa ndalama yopatsa mlimi. Pali wonyamula, pali chiphaso cha msika, pali thiransipoti, palinso kachewere woola pansi pa thumba. Arch nayo ili ndi zake.

Choyamba ndi bandulo. Arch ilibe chaka chotulukira ngati Windows 10 kapena 11. Imasinthidwa mosalekeza, ndipo zatsopano zimafika pafupifupi tsiku lililonse. Lamulo lozitengera ndi pacman -Syu. Ngati mtima wa Linux, pulogalamu yofufuzira pa intaneti ndi LibreOffice zasinthidwa sabata imodzi, zotsitsa zimafika mamegabayiti mazanamazana. Kusankhapo pang'ono pofuna kupulumutsa bandulo ya Airtel kapena TNM n'koletsedwa ndi eni ake a Arch, chifukwa mapulogalamu amadalirana, ndipo kukweza ina n'kusiya ina kumathyola makina. Kungoisiya miyezi yambiri nako kumabala mavuto ena, monga makiyi otsimikizira mapulogalamu kukalamba.

Chachiwiri ndi magetsi. Akathima pakati pa ntchito yokweza mapulogalamu, kompyuta ikhoza kukana kuyaka. Laputopu ya batire lamoyo imapulumuka. Kompyuta yapatebulo yopanda UPS, kapena laputopu yomwe imazima chaja ikangozulidwa, ili pa ngozi.

Chachitatu ndi nthawi. Nthawi zina eni ake a Arch amalengeza kuti kusintha kwina kukufunika mwini makina achitepo kanthu ndi manja. Amene sawerenga zilengezozo amadzadzimuka pulinta itasiya kugwira ntchito, kasitomala ali pakhomo ndi kalata yofunsira ntchito yomwe ikufunika tsiku lomwelo. Malangizo onse ali pa Arch Wiki, omwe ndi ena mwa abwino kwambiri pa nkhani za Linux, koma ali m'Chingelezi, ndipo masamba ena alipo m'Chipwitikizi, zomwe zingathandize a tsidya la Angónia.

Amene wasankhabe Arch angachepetse mavutowa. Asakweze mapulogalamu m'mawa wa tsiku la msika, koma madzulo atatseka, batire lili lodzaza. Aike linux-lts ngati mtima wachiwiri woti n'kuyatsira woyamba ukavuta. Asunge fulashi yomwe anaikira Arch, popeza ndiyo yokonzera zikathina. Pulogalamu ya arch-wiki-docs imasunga malangizo onse m'kompyuta kuti awerengeke popanda intaneti. Ndipo amene ali ndi makina awiri kapena atatu angakopere zomwe zatsitsidwa mu /var/cache/pacman/pkg n'kuziika pa malo omwewo m'makina enawo, kuti bandulo imodzi ikwanire onse.

Palinso msika wa kumbali wotchedwa AUR, komwe aliyense amaikako malangizo opangira mapulogalamu omwe mulibe m'nkhokwe yeniyeni ya Arch. Ndi wothandiza, koma katundu wake sayesedwa ndi eni Arch asanaikidwe. Mu Julayi 2025 anapezamo mapulogalamu angapo obisa chida chobera makompyuta, ndipo anachotsedwa. Kumeneko n'kowerenga kaye usanatenge. Safunsa anadya phula.

Ntchito zomwe zimatheka ndi zomwe sizitheka

Kutayipa makalata ndi kulemba ngongole za opikula zimayenda bwino ndi LibreOffice, yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale nthawi zina mizere ndi zilembo zimasuntha pang'ono. Kusindikiza kumadzera pa CUPS, ndipo mapulinta ambiri a HP amagwira ntchito ndi HPLIP. Pulinta iliyonse iyesedwe Windows isanafufutidwe.

Kwa woika nyimbo, phindu lalikulu ndi la mavairasi. Kavairasi kotchuka ka m'mafulashi, komwe kamabisa mafayilo n'kusiya tizithunzi tonamiza, kanalembedwera Windows ndipo pa Linux sikathamanga. Mafayilo ake amaonekera poyera ndipo amafufutika. Komabe akasiyidwa m'fulashi amakagwira kompyuta ya kasitomala, choncho kuyeretsa ndi udindo wa mwini shopu.

Zomwe sizitheka zilipo ndithu. CorelDRAW, Photoshop ndi Microsoft Publisher zilibe mtundu wa Linux. M'malo mwake muli Inkscape, GIMP ndi Scribus, koma wopanga makadi aukwati ndi mapositala ayenera kuphunziranso. Okonza mafoni apeza adb ndi fastboot, koma zida zambiri zofulashira mafoni zinapangidwira Windows basi. Amene chakudya chake chili pa zimenezi asathamangire kusamuka.

Fulashi ya Arch ngati sikelo

Ngakhale kwa amene sakufuna kuika Arch, fulashi yake ndi sikelo yabwino popita kukagula laputopu. Imayatsa makina popanda kukhudza zomwe zili pa disiki. Lamulo la lscpu limatchula dzina lenileni la purosesa, zomwe zimaulula ngati chomata cha pamwamba chikunama. La free -h limaonetsa RAM, la lsblk limaonetsa kukula kwa disiki. La smartctl -a /dev/sda limanena maola omwe disiki yagwira ntchito, pa mzere wa Power_On_Hours. Chaka chathunthu chili ndi maola 8,760, choncho disiki ya maola 35,000 yayaka zaka zinayi osapuma. Mzere wa Reallocated_Sector_Ct ukakhala ndi nambala yoposa 0, disikiyo yayamba kuola.

Batire nalo limayezeka. Mu /sys/class/power_supply/BAT0 muli energy_full ndi energy_full_design, kapena pa makina ena charge_full ndi charge_full_design. Yoyamba ndi mphamvu yomwe batire likusunga lero, yachiwiri ndi yomwe linkasunga lili latsopano. Ikatsika kufika theka, mtengo wa batire lina uchotsedwe pa mtengo wa laputopu.

Makina akale kwambiri a 32-bit asagulidwe ngakhale atatchipa bwanji. Arch inasiya kuwasamalira mu Novembala 2017, ndipo fulashi yake siyatsa n'komwe makina otere.

Nanga ya ndani?

Pali njira yapakati yomwe imayenera kwambiri kompyuta yodyetsa banja. Debian, yomwe Ian Murdock anayambitsa mu 1993, nayo imakomera wodziwa terminal, koma siithamanga. Imatuluka pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ndipo pakati pake imangolandira zigamba za chitetezo ndi zokonza zing'onozing'ono, zomwe sizidya bandulo yambiri. Debian 13 inatuluka pa 9 Ogasiti 2025 ndipo idzasamalidwa zaka zisanu, kufika mu 2030. Ili ndi mtundu waukulu wokopera pa fulashi womwe umaikika popanda intaneti.

Choncho mwini shopu wa kompyuta imodzi, wogula bandulo ya tsiku ndi tsiku, wodalira magetsi osapanganika, apindula ndi Debian, kapena Linux Mint ngati terminal imamuopsa. Arch ndi ya mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi makina achiwiri oyeserapo, amene akufuna kudziwa chomwe chimachitika m'kati mwa kompyuta kuti tsiku lina azidzakonzera ena.

Pamenepo ndiye pali malonda. Chilolezo cha GPL sichiletsa kulipiritsa ntchito yoika Linux, yoisamalira kapena yophunzitsa. Pamene Windows 10 ikutsalira m'mbuyo, eni malaputopu akale m'masukulu, m'matchalitchi, m'magulu a alimi ndi m'mashopu a pa Lizulu, Tsangano ndi Mlangeni adzafuna wowathandiza pafupi, m'malo mokwera minibasi kupita ku Lilongwe. Wogwira ntchitoyi asunge malamulo atatu: ayambe wakopera mafayilo a kasitomala pa malo ena, amuuze poyera kuti chomwe akuika si Windows, ndipo amuikire chomwe kasitomalayo angathe kukhala nacho yekha. Kwa ambiri, chimenecho si Arch.