Mkute wa ku America: sayansi ya mu corned beef hash

M'mawa wa pa 18 Malichi, m'makhitchini ambiri a ku New York ndi ku Boston mumanunkhira mofanana: anyezi, mbatatesi ndi nyama zikukazingika m'chiwaya. Dzulo lake linali tsiku la St Patrick, pomwe mabanja ochokera ku Ireland amaphika nyama yamchere yotchedwa corned beef pamodzi ndi kabichi ndi mbatatesi. Chakudyacho chimakhala chambiri, ndiye chimatsala. Kukacha amadula zotsalazo timagawo ting'onoting'ono, n'kukazinga, n'kuswerapo mazira pamwamba. Ndiyo corned beef hash imeneyo.

Kunena mosabisa, ndi mkute basi. Koma mkute umenewu muli Chemistry, Physics ndi Biology yemwe mumalemba m'makope anu. Mulinso ngozi ina imene inadwalitsapo anthu ambiri tsiku limodzi. Tiyeni tiuvundukule.

Chimanga chili pati?

Amene mwamva mawu oti corn mwina mukufufuza chimanga m'nyamayi. Mulibe. M'Chingelezi chakale, corn ankatanthauza kambewu kapena kanjere kalikonse, ndipo apa akunena mibulu ya mchere imene ankaikira nyama kuti isawole. Nalo liwu loti hash linachokera ku Chifalansa, hacher, kutanthauza kudula tizidutswa.

Mchere umateteza bwanji nyama? Kumbukirani osmosis. Bakiteriya ndi selo limodzi lokhala ndi madzi m'kati. Likazunguliridwa ndi mchere wambiri, madzi amatuluka m'selomo kupita kunja komwe mchere wachuluka, ndiye limafota n'kulephera kuchulukana. Nzeru yomweyi ndi imene asodzi amagwiritsa ntchito akamathira nsomba mchere asanaziyanike.

Koma pali chachiwiri. Nyama ya ng'ombe ikapsa imada, imakhala yotuwa. Nanga corned beef imakhaliranji yofiirira ngakhale ataiwiritsa maola atatu? Chifukwa mumchere muja amasakanizamo sodium nitrite pang'ono. Mankhwalawa amatulutsa nitric oxide, yemwe amagwirana ndi myoglobin, puloteni yopatsa nyama mtundu wake, ndipo mtundu wofiirirawo sutha ndi moto. Ntchito yaikulu ya nitrite si kukongoletsa ayi. Amaletsa Clostridium botulinum, bakiteriya amene poizoni wake ndi mmodzi mwa oopsa kwambiri padziko lapansi.

Corned beef ilipo ya mitundu iwiri. Ya ku America ndi chinthuli cha nyama ya pachifuwa pa ng'ombe, yolimba chifukwa ili ndi collagen wambiri, ndipo imafewa pokhapokha itawira nthawi yaitali mpaka collagen uja atasanduka gelatin. Ina ndi ya m'chitini, yomwe mungaione m'masitolo athu. Imeneyi inatchuka kuchokera ku Fray Bentos, tauni ya ku Uruguay, ndipo asilikali a Britain ankaidya kwambiri pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse. Fakitale ya kumeneko inaikidwa pa mndandanda wa malo a mbiri a UNESCO mu 2015. Zonse ziwiri zimatheka kupangira hash.

Mbatatesi za dzulo zimaposa za lero

Ophika odziwa amakuuzani kuti hash yabwino imafuna mbatatesi zophika dzulo, zomwe zagona mufiriji. Si ulesi. Nkhani yake ndi sitachi.

M'mbatatesi yaiwisi, sitachi imakhala m'timibulu tolimba. Mukaiwiritsa, kutentha kukafika cha m'ma 60 mpaka 70°C, timibulu tija timamwa madzi, kufufuma n'kufewa. N'chifukwa chake mbatatesi yongophulidwa kumene imanyenyeka mukaikhudza. Mukaiponya m'chiwaya ili choncho, mupeza phala.

Ikazizira, zinthu zimasintha. Tizingwe ta sitachi, makamaka ta amylose, timayamba kufolanso n'kugwirana, ndipo madzi ena amafinyidwira kunja. Asayansi amati retrogradation. Mbatatesi imalimba, imaduka bwino timabokosi, ndipo kunja kwake kumauma. Inu mukuzidziwa kale izi: nsima yamadzulo imakhala yofewa, koma mkute wam'mawa umalimba moti ena amauwotcha pa makala. Ndi retrogradation yomweyo, kungoti ya chimanga. Buledi naye akamauma pakapita masiku, mbali yaikulu ndi zomwezi.

Mdani wa kukazinga ndi madzi

Chokoma kwambiri mu hash ndi chikhokho chofiirira cha pansi chija, chokhukhuta mukamatafuna. Chimapangidwa ndi zimene zimatchedwa Maillard reaction, dzina lochokera kwa Louis-Camille Maillard, wasayansi wa ku France amene anazifotokoza mu 1912. Ma amino acid a m'mapuloteni amagwirana ndi mitundu ina ya shuga, n'kubala mamolekyu ambirimbiri atsopano, ena opereka mtundu, ena fungo. Fungo la mtedza wokazinga, la chimanga chowotcha ndi la chipisi cha pachiwaya limachokera kumeneku.

Vuto ndi lakuti Maillard amathamanga bwino kutentha kukafika pafupifupi 140°C kupita m'mwamba. Madzi amawira pa 100°C m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kumalo okwera ngati ku Dedza amawira asanafike n'komwe pamenepo. Pamene pali madzi owira, kutentha sikungadutse mlingo umenewo. Moto wonse umathera posandutsa madzi kukhala nthunzi, ndipo ntchito imeneyi imadya mphamvu kwambiri: galamu imodzi ya madzi imafuna majoule pafupifupi 2,260 kuti iuluke. Yerekezani ndi majoule 4.2 okha ofunika kuti galamu yomweyo itenthe ndi digiri imodzi.

Mukamvetsa zimenezi, malamulo a ophika sakhalanso ongoloweza. Musadzaze chiwaya, chifukwa zakudya zikaunjikana nthunzi imasowa potulukira, ndiye mumakhala mukuphika m'malo mokazinga. Musamatakase pafupipafupi, chifukwa mbali yomwe yakhudza chitsulo imafunika nthawi kuti iume kenako ifiire. Tsindirani ndi chikombe kuti malo ambiri akhudze chiwaya, popeza kutentha kumadutsa mosavuta pamene zinthu zakhudzana. Mafuta nawo amadzaza timipata ta pakati pa chakudya ndi chitsulo, ndipo amatha kutentha kupitirira 100°C osawira.

Mverani ndi makutu. Poyamba chiwaya chimalira mwaphokoso, ndiwo madzi akuthawa. Phokoso likayamba kuchepa n'kusanduka kuthetheka, dziwani kuti pansi payamba kufiira. Koma musapyole. Kufiira ndi kupserera ndi zinthu ziwiri. Mu 2002 ofufuza a ku Sweden anapeza kuti zakudya za sitachi zikakazingidwa mpaka kuda kwambiri zimachulukitsa mankhwala otchedwa acrylamide, omwe si abwino m'thupi. Mtundu wagolide ndi wokwanira.

Dzira: mbali ziwiri, kutentha kuwiri

Choyera cha dzira ndi madzi pafupifupi 90 pa 100 alionse, ndipo otsalawo ndi mapuloteni opindidwa ngati timipira ta ulusi. Kutentha kumamasula timipira timeneti, ulusi n'kukolana kupanga ukonde womwe umatsekera madzi m'kati. Kumeneko ndiko kusintha kwa mapuloteni komwe m'kalasi mumati denaturation, ndipo sikubwerera m'mbuyo. Dzira lophika silingakhalenso laliwisi.

Choyera chimayamba kugwira cha m'ma 62 mpaka 65°C, pomwe chikasu cha pakati chimayamba kulimba cha m'ma 65 mpaka 70°C. Kusiyana kwake n'kochepa, n'chifukwa chake mphindi imodzi imasintha zambiri. Dzira likakhala pamwamba pa hash, silikhudza chitsulo kwenikweni, choncho pamwamba pake pamachedwa kupsa. Vundikirani. Nthunzi ija inali mdani pokazinga mbatatesi tsopano yasanduka bwenzi: ikagunda dzira lozizira imabwerera kukhala madzi, n'kusiya mphamvu yonse ija inatenga pouluka.

Anthu ambiri ku America amakonda chikasu chikuyenderera. Dziwani kuti dzira losapsetsa likhoza kukhala ndi Salmonella. Ngati mukuphikira mwana wamng'ono, agogo, mayi woyembekezera kapena wodwala, lipse mpaka chikasu chilimbe.

Pamene mkute umasanduka poizoni

Apa ndiye pofunika kutchera khutu. Mu Malichi 1993, mumzinda wa Cleveland ku Ohio, anthu oposa 100 anatsekula m'mimba atadya corned beef ya tsiku la St Patrick yogulidwa pamalo amodzi. Ofufuza za umoyo anapeza kuti nyamayo inawiritsidwa masiku angapo tsikulo lisanafike, n'kusiyidwa kuti izizire pang'onopang'ono isanalowe mufiriji. Wolakwa anali bakiteriya wotchedwa Clostridium perfringens.

Mwina mukufunsa kuti, nyama yowira maola ambiri ingakhale bwanji ndi mabakiteriya? Mabakiteriya ena, zinthu zikavuta, amadzitsekera m'kachikopa kolimba kotchedwa spore, ndipo madzi owira sakaphetsa. Chakudya chikayamba kuzizira, ma spore aja amadzuka n'kupeza kuti anzawo olimbana nawo anafa kale ndi moto. Chakudya chonse ndi chawo. Chinthuli chachikulu cha nyama chimachedwa kuzizira pakati, ndiye chimakhalitsa pa kutentha kumene mabakiteriya amakonda, komwe ndi pakati pa 5°C ndi 60°C.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti bakiteriya mmodzi amagawanika pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Pa maola awiri wagawanika kasanu n'kamodzi, ndiye alipo 64. Pa maola asanu ndi atatu, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, wagawanika ka 24. Tengani kakyuleta muone 2 kudzichulukitsa ka 24: mupeza 16,777,216. Kuchokera kwa mmodzi yekha. Ndipo chakudya sichiyamba ndi mmodzi.

Choopsa china n'chakuti mphuno siithandiza. Mabakiteriya onunkhitsa chakudya ndi ena, odwalitsa ndi enanso. Nyama ikhoza kununkhira bwinobwino ili ndi ngozi. Kutenthetsanso nako sikupulumutsa nthawi zonse: Staphylococcus aureus, yemwe amachokera m'manja ndi m'mphuno mwathu, komanso Bacillus cereus, wokonda mpunga wotsala, amasiya poizoni amene satha ndi moto wa m'khitchini.

Malangizo a akatswiri a zakudya ku America ndi awa. Zotsala zilowe mufiriji pasanathe maola awiri, kapena ola limodzi ngati kunja kwatentha kupitirira 32°C, monga mmene kumakhalira ku Nsanje mu Okutobala. Muzigawe m'timbale tosazama kuti zizizire msanga. Zidyedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi, ndipo potenthetsa zifike 74°C mpaka pakati, kutanthauza kuti zizituluka nthunzi paliponse. Ngati kwanu kulibe firiji kapena magetsi anazima usiku wonse, musagoneke nyama yophika. Tsegulani chitini m'mawa momwemo, mbatatesi muphike m'mamawa n'kuziyala pa mbale kuti zizizire ndi kuuma musanakazinge. Chitini chotupa kapena chodontha, tayani osalawa.

Tiyeni kukhitchini

Za anthu atatu kapena anayi mufunika mbatatesi zophika zitatu zazikulupo, anyezi mmodzi, chitini cha corned beef cha magalamu 340 kapena nyama yotsala yochuluka choncho, mazira anayi ndi masupuni awiri a mafuta.

Tenthetsani mafuta m'chiwaya chokhuthala. Kazingani anyezi mpaka afewe. Thiranimo mbatatesi zodula timabokosi, muziyale, muzisiye mphindi zisanu osazigwira. Onjezani nyama, sakanizani kamodzi, tsindirani, dikiraninso mphindi zisanu. Tembenuzani chigawo ndi chigawo kuti mbali inayo ifiirenso. Kenako kumbani timaenje tinayi, swerani dzira m'kadzenje kalikonse, chepetsani moto, vundikirani mphindi zinayi kapena zisanu. Mchere musathire musanalawe, nyamayi ili nawo kale wambiri.

Pa mchere pomwepo: bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi. Ndipo mu 2015 nthambi yake yofufuza za khansa inaika nyama zosungidwa ndi mchere kapena utsi, corned beef ili momwemo, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Sizikutanthauza kuti mbale imodzi ikudwalitsani. Ngozi imakula ndi kudya tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Hash ikhale ya apo ndi apo.

Yesani nokha

Wiritsani mbatatesi imodzi madzulo, igone mufiriji. M'mawa wiritsani ina yofanana kukula. Dulani zonse mofanana, mukazinge m'chiwaya chimodzi, izi mbali iyi, izo mbali inayo, mafuta ofanana. Lembani nthawi imene mbali iliyonse yatenga kuti ifiire, ndipo muwerenge timabokosi tomwe taphwanyika. Musanayatse moto, lembani kaye zimene mukuganiza kuti zichitika ndi chifukwa chake. Kenako dzifunseni: ndi zinthu ziti zomwe mwasunga zofanana, ndipo ndi chiti chimodzi chomwe mwasintha? Funso limeneli mudzakumana nalo pa mayeso a MSCE, koma nthawi ino mukamaliza kuyankha mudya zotsatira zake.