Makina a chisankho akasintha, mtolo umagwera yani?

Ku Malawi kuno sitivota pa makina. Amene anavota pa Nkando, m'boma la Mulanje, pa 16 Seputembala 2025 anapatsidwa mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, n'kuchonga, n'kuponya m'bokosi. Mavoti anawerengedwa ndi manja pamalo pomwepo, oimira zipani akuona. Makina athu amagwira ntchito ina: kulemba anthu m'kaundula, kutsimikiza kuti amene wabwera kudzavota ndi mwini dzina, ndi kutumiza zotsatira.

M'zaka zochepa chabe makinawa asinthidwa kale. Pa kalembera wa 2018, bungwe loyendetsa chisankho la MEC linagwiritsa ntchito zipangizo zikuluzikulu za m'chikesi, zokhala ndi kompyuta ndi sola. Chimodzi mwa izo chinakapezeka pa sitima ya pamtunda ku Mozambique, anthu n'kuyamba kufunsa kuti kodi katundu wa chisankho amasungidwa bwanji. Mu 2024 MEC inabweretsa timakina tam'manja ta kampani ya Smartmatic, totchedwa EMD. Mlembi amaloza kamakinako pa chiphaso chanu cha unzika, kamawerenga, kamakujambulani nkhope, kenako mumalandira kapepala kanu kovotera. Zipani zotsutsa za nthawiyo, monga DPP, UTM ndi AFORD, zinakayikira makinawo ndipo zinafuna kuti akatswiri apadera awaunike.

Mkangano umenewo unadzaza mawailesi. Za amene amasenza ntchito yake kumudzi sizinamveke kwenikweni.

Ku America maboma ang'onoang'ono ambiri amagula okha makina ovotera, ndipo akakalamba amasowa potulukira ndalama. Kwathu khonsolo sigula. Imagula ndi MEC, ndi ndalama za boma zimene Nyumba ya Malamulo yavomereza. Koma MEC ilibe antchito okwanira kufika sukulu iliyonse, choncho imatsamira pa makhonsolo 36 a m'dziko muno. Ku Mulanje, bwanamkubwa ndiye amatsogolera komiti yoyang'anira chisankho m'boma lonse, momwe mumakhalanso apolisi ndi akuluakulu a zamaphunziro. Katundu akafika kuchokera kulikulu amafuna posungira pokhala ndi loko ndi mlonda. Amafuna galimoto zokamutula m'malo ovotera, ndipo zambiri zimabwerekedwa ku maofesi a boma omwewo, ntchito zina n'kuima. Kalembera wa 2024 anachitika mafuta a galimoto akusowa m'dziko muno; ganizirani nokha mmene zinalili.

Ndiye pali aphunzitsi. Ambiri mwa amene mumawapeza pa tebulo la chisankho ndi iwowo, ndipo malo ovotera ambiri ndi masukulu a pulayimale. Makina akasintha, maphunziro onse amayambira poyambirira: kuyatsa, kutchaja, chochita netiweki ikathawa, chochita kamakina kakakana kuwerenga chiphaso chofufutika cha gogo amene wayenda mtunda kuchokera kumudzi. Masiku amene mphunzitsi ali ku maphunziro amenewa, ana ake ali okha m'kalasi. Mtengo umenewo sulembedwa pa risiti ya makina, koma amaulipira ndi ana a pa Nkando.

Mtolo wina uli pa mwini voti. Lamulo la zisankho la 2023 limati munthu alembetse ndi chiphaso cha unzika chochokera ku bungwe lopereka ziphasozi la NRB. Chikatayika, ndiye kuti ndalama ya minibasi yokafika kuboma ikutuluka m'thumba mwanu.

Sindikunena kuti makina ndi oipa. Tonse tikukumbukira Tipp-Ex wa 2019, amene anachititsa khoti kufafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020. Chida chimene chimachepetsa kufufuta ndi kulembetsa kawiri n'chofunika. Chimene sindigwirizana nacho ndi kuwerengera mtengo wogulira wokha, ngati kuti makina akatsika ndege amadziyendera okha mpaka pasukulu.

Makina amenewanso adzatha mphamvu, ndipo nkhani yogula ena idzabwera. Ikadzafika, funsani phungu wanu ngati bajetiyo ili ndi ndalama za mafuta, zosungira katundu ndi zophunzitsira antchito m'maboma, chifukwa amaivomereza ndi iye. Khansala mumufunse kuti galimoto ndi antchito a khonsolo akabwerekedwa, ntchito zanu zotsala azigwira ndani. Ndipo chiphaso chanu cha unzika chisungeni pouma. Ngati chinatayika, pitani ku ofesi ya NRB ku Mulanje panopa, mzere usanatalike.