KUKONZA NTHAWI YA MOTO MU INJINI YA PETULO

Alimi anzathu, ali yense wa inu adziwa kuti mbeu yabwino siithandiza ngati yabzalidwa pa nthawi yolakwika. Wobzala mvula isanakhazikike mbeu zace zimapsa m'nthaka, ndipo wobzala mocedwa amakolola zocepa. Injini ya petulo iri cimodzi-modzi. Ngakhale petulo ali wabwino ndi mapulagi ali atsopano, injini siikoka ngati moto sufika pa nthawi yace. Nchito yokonza nthawi imeneyi amakaniko amaicha taimingi.

Nkhani ino talembera iwo amene ali ndi galimoto yakale yotengera cimanga ndi nshawa ku msika, makamaka Land Rover ya masilinda anai, ya injini ija inayamba kupangidwa m'caka ca 1958. Njira yace yoyatsira petulo ndi koilo ndi mapointi anaikonza Charles Kettering wa ku America, ndipo inayamba kugwira nchito m'magalimoto m'caka ca 1910. Ngakhale magalimoto aliwiro a masilinda asanu ndi atatu, onga Pontiac GTO ya 1964, anali kuyenda ndi njira yomweyi. Koma injini za dizilo ziribe mapulagi, ndipo m'magalimoto atsopano nthawi ya moto imayendetsedwa ndi kompyuta. Nkhani ino siikhudza zimenezo.

CIFUKWA CACE MOTO UYENERA KUTSOGOLA

M'silinda iri yonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika. Pokwera imapanikiza mpweya wosanganiza ndi petulo, pulagi nithetheka moto, ndipo mpweya uja pakupsa umakankha pisitoni pansi. Mphamvu yonse ya galimoto icokera pamenepo.

Tsono mpweya uja sukupsa wonse kamodzi ai. Umayamba pa pulagi ndi kufalikira, monga moto wa lupsa uyambira pa ngodya ya munda. Cifukwa cace pulagi iyenera kuthetheka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, kuti moto ukakule pa nthawi imene pisitoni iyamba kutsika. Kutsala kumeneku amakuyesa ndi madigiri.

Moto ukafulumira koposa, umakankha pisitoni isanatsirize kukwera. Pa citunda injini imalira ngati timiyala m'citini, handulo imabwezera pouza injini, ndipo m'kupita kwa masiku pisitoni ikhoza kubooka. Moto ukacedwa, galimoto imafooka, madzi amawira m'radiyeta, mavavu amapsa, ndipo petulo amatha msanga.

YAMBANI NDI MAPOINTI

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, mangani buleki ya pamanja, cotsani giya, ndipo tsirani miyala ku mawilo. Bvundukulani cibvundikiro ca disitiribyuta, ndiko kacipangizo kamene kagawira moto ku mapulagi. M'kati mudzaona rota, ndipo pansi pace pali mapointi, tizitsulo tiwiri totseka ndi kutseguka. Dziwani ici: moto umathetheka pa nthawi imene mapointi atseguka, osati pamene atsekana.

Pukutani mapointi, ndipo ngati adyeka gulani ena. Zunguzani injini ndi handulo kufikira atatseguka kotheratu, ndipo yesani mpata wace ndi kacitsulo koyesera mipata. Pa disitiribyuta ya Lucas mpata uyenera kukhala mamilimita 0.35 kufikira 0.40. Nchito iyi ndiyo yoyamba nthawi zonse, pakuti mpata ukakula moto umafulumira, ndipo ukacepa moto umacedwa. Wokonza taimingi asanakonze mpata adzabwereza nchito kawiri.

KACHERIDWE KACE

Funani sipanala, ndi babu laling'ono la mavoti 12 lomangirira mawaya awiri. Mukhale anthu awiri, wina ku handulo.

1. Masulani pulagi yoyamba, ndiyo ya pafupi ndi radiyeta. Tsekani bowo lace ndi cala cacikulu, mnzanu azunguze handulo pang'ono-pang'ono, kiyi ali wozima. Mukamva mpweya ulikukankha cala, pisitoni irikukwera mopanikiza. Penyetsetsaninso kumene rota ilowera pozungulira.

2. Yang'anani zizindikiro. Pa injini zina ziri pa pule ya kutsogolo, pa zina ziri pa fulaiwilo kumbuyo. Malemba a TDC atanthauza kuti pisitoni iri pamwamba peni-peni. Pa injini zambiri za mtundu uwu malo a moto ali pakati pa TDC ndi madigiri 6 pisitoni isanafike pamwamba, monga mwa mtundu wa injini ndi wa petulo. Nambala yeni-yeni muitenge m'buku la galimoto yanu.

3. Zunguzani kufikira cizindikiro canu citalunjika pa kamubvi. Rota iyenera kuloza ku waya wa pulagi yoyamba. Ikaloza kwina, zunguzaninso injini kamodzi, pakuti injini imazungulira kawiri pamene rota izungulira kamodzi. Mukapitirira cizindikiro, musabwerere pang'ono cabe: bwererani kwambiri ndi kuyandikiranso kucokera kumbuyo.

4. Waya mmodzi wa babu mangani pamene pafikira waya woonda wocokera ku koilo kulowa m'disitiribyuta. Winayo agunde citsulo ca injini. Yatsani kiyi, koma musalize injini.

5. Masulani pang'ono bauti yogwira disitiribyuta. Potozani disitiribyuta kutsata kumene rota ilowera kufikira babu litazima. Tsono bwezani pang'ono-pang'ono, ndipo babu likangoyaka lekani pomwepo. Pamenepo ndipo atsegukira mapointi. Kuona maso a nkhono nkudekha: mukapitirira, yambaninso.

6. Mangani bauti, zimani kiyi msanga kuti koilo isatenthe, ndipo bwezerani pulagi ndi cibvundikiro. Mawaya a mapulagi atsatane motere: 1, 3, 4, 2, kutsata kumene rota ilowera.

KUYESA PA MSEU

Injini ikatentha, yendani mwa pang'ono pa giya yomaliza, ndipo pondani mafuta mwamphamvu. Ikakoka bwino popanda kulira kwa timiyala kuja, nchito yatha. Kulirako kukapitirira, cedwetsani moto pang'ono pakupotoza disitiribyuta kutsata kumene rota ilowera. Madisitiribyuta ena ali ndi kanati kopotoza ndi zala, pali malemba A ndi R. Kupotozera ku A kufulumizitsa moto, ku R kuucedwetsa.

Injini ikathamanga moto uyenera kutsogola koposa. Nchito iyi amacita ndi tizitsulo tolemera tiri pansi pa mapointi, ndiponso kapaipi kocokera ku kabuleta. Tizitsulo timeneti timagwidwa ndi pfumbi la m'miseu yathu. Zulani rota ndi kudontheza mafuta a injini madontho awiri kapena atatu pa mutu wa mpini wace. Kapaipi kakang'ambika, ikani kena.

KUMBUKIRANI IZI

Pouza injini ndi handulo, cala cacikulu cikhale mbali imodzi ndi zala zinzace, kuti handulo ikabwezera isakutyoleni dzanja. Musakhudze mawaya a mapulagi injini irikulira, ndipo musakoke fodya pafupi ndi petulo. Konzani taimingi nthawi zonse mukasintha mapointi, ndiponso nyengo yogulitsa mbeu isanafike, kuti galimoto ingafere pa njira matumba ali pamwamba.

Ngati mwatsata zonsezi koma injini ikali kuwira kapena kulira, bvuto liri pena. Musapitirize kupotoza disitiribyuta. Pitani kwa makaniko wodziwa nchito, amene ali ndi nyali yophethira yoyesera moto injini irikulira. Safunsa anadya phula.