N'chifukwa chiyani galimoto zimaimitsidwa mtengo usanagwe?

Bulugamu akakula bwino amatha kutalika mamita 30, wina kuposa pamenepo. Koma msewu wa tala wodutsa galimoto ziwiri, monga mmene ulili wa M1 m'malo ambiri, m'lifupi mwake sukwana n'komwe mamita 10. Ndiye ganizani, ana inu: mtengo wotere ukagwa chopingasa, umatseka msewu wonse, nsonga yake n'kukafika m'munda wa tsidya lina. Minibasi, kabaza, ngakhale mwana wopita kusukulu, onse angapezeke pansi pake.

Mitengo ya m'mbali mwa msewu ndi yabwino, imatipatsa mthunzi, ndipo kuidula popanda chifukwa n'kulakwa. Komabe wina umadyedwa ndi chiswe mpaka kukhala mphako yokhayokha, wina umapendekera kumawaya a magetsi, wina mizu yake imafukula tala. Zikatere umayenera kuchotsedwa mphepo isanaugwetse yokha usiku.

Si aliyense wokhala ndi nkhwangwa angangodzuka n'kuyamba kugwetsa. Msewu uli ndi eni ake ouyang'anira. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, ndipo yambiri ya m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu imayang'aniridwa ndi makhonsolo. Odula amayamba apempha chilolezo kumeneko, n'kudziwitsanso apolisi apamsewu, chifukwa kutseka msewu mwa iwe wekha ndi mlandu. Ngati pali mawaya pafupi, a ESCOM amayenera kubwera kudzazimitsa magetsi. Mtengo wauwisi uli ndi madzi m'kati, choncho ukakhudza waya, magetsi amatha kuyenda mumtengomo mpaka kwa munthu amene waugwira.

Tsiku la ntchito likafika, choyamba kutulutsidwa si makina odulira ayi, koma zikwangwani. Zimaikidwa kutali, mtengowo usanayambe n'kuoneka komwe. Tiyeni tiwerengetsere. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi yokha. Dalaivala akaona choopsa, pamadutsa sekondi kapena kuposerapo phazi lisanafike pa buleki, ndipo akaponda, matayala samangoima pomwepo. Lole yodzaza matumba a simenti ndiye imafuna mtunda wautali kwambiri. Pakakhala kona kapena chitunda, chikwangwani chimaikidwa munthu asanakhote, asanakwere.

Mwina wina afunsa kuti, “Bwanji osangoyala nthambi pamsewu?” Kwathu kuno nthambi zoyalidwa pamsewu zimauza anthu kuti pali maliro, kapena kuti galimoto yafa kutsogolo. Dalaivala akaziona amachepetsa liwiro, inde, koma amapitirira ndithu. Pamene pakugwetsedwa mtengo pamafunika kuimiratu.

Apa ndi pamene pamabwera anthu awiri ovala malaya onyezimira, wina mbali iyi, wina mbali inayo, aliyense ndi mbendera yofiira ndi yobiriwira. Ntchito yawo imaoneka yopepuka, koma ine ndimati ndi yofunika kuposa ya wodula uja. Ayenera kumaonana, kapena kulankhulana pa foni, kuti asalole galimoto za mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Podula nthambi zing'onozing'ono amatha kutseka theka la msewu, galimoto n'kumadutsa mosinthana. Pogwetsa thunthu amatseka wonse. Madalaivala ena amaliza mahutala, makondakitala n'kumakuwa kuti, “Tatiyeni, mtengowo sunagwe!” Wambendera wodziwa ntchito sagwedezeka. Lamulo la odula mitengo limati wina aliyense atalikire kawiri kutalika kwa mtengowo. Wa mamita 30 uja, ndiye kuti anthu aime pa mamita 60.

Nanga wodula amauuza bwanji mtengo kogwera? Amayamba wauzungulira, kuona kumene wapendekera, kumene kwachuluka nthambi ndi kumene mphepo ikuchokera. Kenako amasema kakamwa mbali imene akufuna kuti ugwere. Akatero amapita kumbuyo n'kucheka, koma samaliza thunthu lonse. Amasiya kachigawo pakati, kamene kamagwira ntchito ngati mahinjesi a chitseko: mtengo umapendekera pamenepo pang'onopang'ono mpaka phii! Nthawi zina anzake amaukoka ndi chingwe chachitali chomangidwa m'mwamba. Pamalo pothina, pamene pali nyumba uku msewu uku, munthu amakwera atadzimangirira, n'kumadula chidutswa chimodzichimodzi kuchokera kunsonga, akutsitsa ndi chingwe.

Mtengo ukagwa, ana ambiri amathamangira nkhuni. Dikirani kaye. Nthambi yopanikizika pansi pa thunthu imakhala yopindika, ndipo ikadulidwa imafwamphuka mwamphamvu moti ingathyole mwendo. Thunthu nalo limatha kugubuduka. Odula amayamba acheka zidutswa, kuzikokera kumbali, ndi kusesa utuchi ndi timitengo tomwe tingaterereze njinga yamoto. Zikwangwani ndizo zimachotsedwa pomaliza penipeni, msewu utayera mbali zonse.