Njinga yooneka yakale: ku Ulaya ndi fasho, kwa Lukwa ndi khasu

Fodya akayamba kugulidwa ku okushoni ya Chinkhoma, misewu ya fumbi ya kwa Lukwa ku Kasungu imaonetsa msanga kuti ndalama zalowa m'mudzi. Mithuthuthu yatsopano imadutsa ikunyezimira, ina pulasitiki ya pachishalo isanachotsedwe n'komwe. Utoto ndi wa chaka chino, koma kapangidwe n'ka makedzana: chishalo chachitali chokwana atatu, mashoko awiri kumbuyo, injini yapamtetete yozizira ndi mphepo, ndi kiki yolizira ndi mwendo. Mlangizi amene ankayendera minda m'ma 1970 atati aikwere lero, palibe chingamudabwitse.

Zimenezi zili ndi poyambira. Mu 1974 kampani ya Honda inatuma akatswiri ake kukaona mmene anthu a m'maiko monga Thailand ndi Pakistan ankagwiritsira ntchito njinga zamoto. Anapeza banja lonse litakwera njinga imodzi, oyilo atada bii osasinthidwa, sefa ya mpweya itatsekeka ndi fumbi. M'malo modzudzula eni ake, anapanga njinga yoti izipirira nkhanza zoterozo. Ndiyo CG125, yomwe inatuluka mu 1975 ndi injini yosavuta kumasula komanso sefa yoti munthu n'kuchapa n'kubwezeretsa. Patapita zaka, mafakitale a ku China, makamaka mumzinda wa Chongqing komwe Lifan inayambira mu 1992, anatengera injini imeneyi ndi kuichulukitsa pa mtengo wotsika. Njinga zambiri zotchipa zimene zadzaza m'matauni ndi m'midzi ya Malawi, zina zolowera m'malire a Mozambique ndi Tanzania, n'zidzukulu zake. Pambali pake pali Boxer ya kampani ya Bajaj ya ku India, yomwenso saipangira kukongola.

Chodabwitsa n'chakuti maonekedwe omwewa kunja amagulidwa modula. Triumph ya ku Britain inaukitsa dzina la Bonneville, njinga yotchuka ya mu 1959, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Royal Enfield, yomwe inabadwira ku England koma n'kukhazikika ku Chennai, inadzuka kwambiri ndi mtundu wa Classic wooneka ngati wa nthawi imene nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inangotha kumene. Kawasaki nayo mu 2017 inaonetsa Z900RS, yotengera Z1 ya mu 1972. Otsatsa malonda a njingazi satchula kawirikawiri za malita a mafuta. Amaonetsa mnyamata wandevu zosamalika, jekete yachikopa, khofi m'manja, msewu wopanda munthu kutsogolo. Akugulitsa moyo woti wogula aziulota ali mu ofesi, ndipo sitolo yogulitsa njingazo imakhalanso ndi zipewa, nsapato ndi malaya a dzina la kampaniyo. Nzeruyi si yatsopano. Honda inaigwiritsa ntchito ku America mu 1963 potsatsa kuti okwera njinga zake ndi anthu aulemu, osati zigawenga, ndipo Harley-Davidson inakhazikitsa kalabu ya eni njinga zake mu 1983. Kuyambira mu 2012 kulinso ulendo wapachaka wotchedwa Distinguished Gentleman's Ride, womwe unayambira ku Sydney, pomwe amuna ovala masuti ndi mataye amakwera njinga zamaonekedwe akale posonkhetsa ndalama zothandiza pa umoyo wa abambo.

Okwera njinga kumeneko sagwirizana. Ena amati n'kuba kwa masana, kulipiritsa munthu ndalama zowonjezera chifukwa cha utoto ndi nthano ya agogo, pamene njinga yamakono ya mtengo womwewo imathamanga kuposa. Ena amayankha kuti iwo safuna mpikisano, akufuna njinga yoti akaimika aziitembenukira. Onsewa ali ndi galimoto kunyumba.

Pa siteji ya kabaza ku Kasungu mkangano ulipo, koma mafunso ake ndi ena. Imamwa bwanji? Sipeya zake zimapezeka pa boma, kapena mpaka ku Lilongwe? Kaliyala wake angapirire matumba awiri a feteleza? Nanga Januwale akafika, dambo litadzaza, idutsa? Okonda Boxer amaitama kuti siimwa mafuta ndipo chishalo chake sichitopetsa kasitomala. Okonda za ku China amati zikafa, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amazidzutsa tsiku lomwelo, ndipo mtengo wogulira suphetsa. Kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso mizere ya pa filing'i siteshoni itakhala chizolowezi, funso la mafuta ndilo limatseka pakamwa onse. Mnyamata woyendetsa njinga ya bwana amawerengera kaye za mwini wake, kenako za petulo wa m'zigubu, zotsalazo ndiye za ndiwo.

Komatu tisanamizane kuti kuno kulibe zodzionetsera. Mlimi wa bale amene wagula njinga atatapa ndalama za fodya sagula thiransipoti yokha. Akafika nayo pa maliro kapena ku tchalitchi, anthu amadziwa kuti chaka chino chigafa chinadzaza. Anyamata a kabaza amamata mbendera za Bullets kapena Manchester United pa thanki, kuwonjezera timagetsi tamitundumitundu, kumangirira wailesi yophulika, ndi kulemba mawu kumbuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe kampani imene inawalembera zimenezi. Ulemu wa njinga kwa Lukwa amaupanga eni ake, ogulitsa amangolandira ndalama.

Pali chinthu chimodzi chimene otsatsa a kunja sachibisa koma ogula a kuno sachifunsa. Bonneville ya lero ndi yakale pakhungu pokha. M'kati muli kompyuta yoyeza mafuta ndi mabuleki a ABS oletsa tayala kukhwekhwereza, omwe malamulo a European Union amafuna pa njinga zatsopano zoposa 125cc. Njinga zambiri za kabaza n'zakale mpaka m'mafupa, mabuleki ake ndi a mtundu wa dilamu omwe amafooka akalowa madzi kapena akatenthedwa ndi katundu wolemera. Onjezanipo anthu atatu opanda zipewa, woyendetsa wopanda laisensi ndi njinga yopanda nambala, ndiye mumvetsa chifukwa chake madokotala a mafupa ku Kamuzu Central Hospital akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa kabaza.

Inu amene mukudikira ndalama za fodya kuti mugule yanu, musanasankhe mtundu wa utoto, patulani kaye za zipewa ziwiri, za kulembetsa ku Road Traffic ndi za inshuwalansi.